Liwiro la Mayi Rozaria

Tsiku loyamba limene mayi Rozaria anamuthawa Elton, mnyamatayo anaganiza kuti mayiwo aona njoka. Iye ankatsetsereka pa njinga yake yakapalasa kuchokera kusukulu imene ankaphunzitsa kwa Nazombe, ndipo mayiwo ankakwera kanjira komweko atasenza mtolo wa nkhuni. Atangoonana chapatali, mayi aja anaponya nkhuni pansi n'kuti phazi thandize, kulowa m'munda wa nandolo. Elton anatsika panjinga, anatola mwala n'kuyamba kusuzumira m'maudzu. Njoka sanaione. Chimene anaona ndi duku lofiira likuyenda pamwamba pa nandolo, kulowera cha kuphiri.

Mayi Rozaria anali amake a Fyness, mtsikana amene Elton anamufunsira kwa miyezi isanu ndi itatu mpaka analola. Miyezi yonseyo mayiwo ankamupatsa moni wabwinobwino, "Mwaswera bwanji aphunzitsi," nthawi zina n'kumuthyolerako nzimbe. Zinthu zinasintha sabata imene Elton anavala jekete n'kupita kukaonekera kwa a Howard, amalume ake a Fyness, kukanena kuti iye si wamasewera, akufuna banja.

Aliyense wokulira kumudzi waseka kale, chifukwa akudziwa kuti mpongozi sathawa munthu wamba. Amathawa yekhayo amene mtima wake wamuvomera kuti ndiye mkamwini, ndipo liwirolo ndiwo ulemu wake. Koma Elton sanakulire kumudzi. Anakulira ku Bangwe, m'nyumba ya mayi omupeza, ndipo za apongozi othawana ankangozimva m'nthabwala za m'minibasi, n'kumaganiza kuti zinatha kalekale pamodzi ndi makaseti.

M'nyumba ya ku Bangwe ija palibe amene ankamumenya. Mwina kukanakhala bwino akanamamumenya, pakuti wokumenya amakuyang'ana kumaso. Mayi ake omubereka anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo ake ankayendetsa mathiraki, osaoneka pakhomo, ndipo mkazi amene anakwatira, amake Gift, anangosankha kukhala ngati mwanayo kulibe. Elton akalowa pabalaza, iwo ankatuluka. Chakudya chake ankachisiya pansi, pakhomo la khitchini, osaitana dzina. Zaka khumi ndi chimodzi anadya choncho, ndipo anatuluka m'nyumbamo ataphunzira chinthu chimodzi, kuti munthu akakuthawa ndiye kuti wanyansidwa nawe.

Madzulo a tsikulo analembera Fyness uthenga pafoni.

"Ndakumana ndi amayi panjira. Andithawa."

Yankho silinachedwe. "Zoona?? Kkkkkk! Anathamanga kwambiri?"

"Mpaka kutaya nkhuni."

"Mayo ine, ndasangalala bwanji! Ndimadikira tsiku limeneli."

Elton anawerenga uthengawo kanayi. Anafuna kufunsa kuti chosangalatsa pamenepo n'chiyani, koma mwana amene anakula osayankhidwa safunsa kawiri. Anangolemba kuti, "Chabwino."

* * *

Loweruka anamuitana kuti akadye kwa a Fyness. Atafika anapeza pabwalo paima njinga yamoto yofiira, yopukutidwa mpaka kuchita kuthobwa m'maso, ndipo mwini wake, Goodman, atakhala pakhonde ngati ndi pake. Goodman ameneyu anali ndi njinga zamoto zitatu zonyamula anthu pa Chiringa, magalasi akuda amene sankavula ngakhale kunja kuli chiperoni, ndiponso zaka zitatu zofuna Fyness popanda chogwirika.

Fyness anamulandira Elton njinga n'kumulowetsa m'kanyumba kakuseri, mosesedwa bwino, muli mpando umodzi ndi mphasa yatsopano.

"Khalani muno aphunzitsi, chakudya chikubwera," anatero akumwetulira, n'kubwerera kukhitchini.

Patapita nthawi Elton anamva mapazi akubwera monyang'ama, kenaka mbale ikutsitsidwa pakhomo, kenaka mapazi omwewo akuthamanga. Atatsegula anapeza bakuli lovindikira ndi kansalu koyera. M'katimo munali kalongonda.

Kalongonda si nyemba zophika munthu ali pachangu. Amafuna kuyamba dzulo lake, kuwiritsa, kusenda, kutaya madzi, kuwiritsanso, mpaka ululu wake wonse utatha, apo ayi wodyayo mutu umamuzungulira ngati waledzera. Mayi wachilomwe akakuphikira kalongonda ndiye kuti wakupatsa tsiku lake lonse ndi nkhuni za sabata yathunthu. Elton zonsezi sankazidziwa. Iye anangoona mbale pakhomo, n'kukumbukira mbale ya ku Bangwe.

Kukhonde lakumaso kunali phokoso.

"Iwe Gudumani, manja amenewo wasamba?" anali mawu a mayi Rozaria. "Wagwira mafuta a njinga, ukupisa m'mbale mwanga ngati khwangwala!"

"Masteni, inetu ndi mwana wa pakhomo pano."

"Mwana wa pakhomo amatunga madzi. Nyamuka!"

Elton anamvetsera ndi nsanje yoti sakanaibisa ngakhale kwa iye mwini. Chimwalirire mayi ake, palibe mayi amene anamukalipirapo chifukwa chosasamba m'manja. Anadya masipuni atatu n'kuvindikira bakuli lija.

Chimene sankadziwa n'choti nayenso Goodman nsanje inkamudya kukhondeko. Iye anali mwana wa konkuno, ndipo tanthauzo la kanyumba kakuseri ankalidziwa bwino lomwe. Zaka zitatu anayesa njira zonse kuti mayi Rozaria amuthaweko ngakhale kamodzi kokha. Akawaona panjira ankatsokomola mwaulemu, ankaliza hutala, ankaima patali kuti awapatse mpata wolowera kutchire. Mayiwo ankangomukodola: "Wabwera bwino Gudumani, tandiperekezera thumba ili kuchigayo."

* * *

Lachiwiri Goodman anamupeza Elton pa Chiringa akupopa tayala.

"Aticha, nkhope yagwa bwanji? Kalongonda uja sanakukomereni?"

"Ndinakhuta," anayankha Elton osadzutsa mutu.

"Inetu ndinaona bakuli likubwerera lodzadza. Musandione ngati mdani, aticha. Fyness wasankha inuyo, basi, mpira watha, ine ndavomera. Koma masteni aja akukuvutani, eti?"

Elton anapitiriza kupopa mpaka tayala linatsala pang'ono kuphulika. Kenaka funso limene linamusowetsa mtendere masiku onsewa linatuluka lokha.

"Kodi ndinawalakwira chiyani?"

Goodman anavula magalasi, chinthu chimene anthu a pa Chiringa anali asanachionepo, kuti aoneke woona mtima.

"Akuti ndinu wonyada. Akuti anyamata a m'tauni moni wanu ndi wa pamphuno. Ndiye akukuyesani. Azimayi a kuno akamathawa amafuna aone ngati mwamunayo ali ndi mtima. Inu mukangoima n'kumayang'ana, iwo amati, si uyo, alibe nafe ntchito."

"Ndiye nditani?"

"Athamangitseni."

"Ndiwathamangitse?"

"Apezeni, agwireni dzanja, ayang'aneni m'maso, muwapatse moni wamphamvu. Ine ndinatero. Simukuona mmene timadyera mbale imodzi?"

Munthu wanzeru zake, wophunzitsa ana a eni masamu, akanayenera kudzifunsa kuti chiyambire liti fisi kulozera mbuzi njira ya kudambo. Koma njala ya moni wa mayi ndi njala yoipa, imatseka makutu. Elton anathokoza, mpaka anamugwira Goodman dzanja.

* * *

Lachitatu anakumana ndi Fyness pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi, kwaya itaweruka.

"Amayi akhumudwatu," anayamba Fyness. "Akuti kalongonda uja munangomulawa. Anayamba kuphika Lachisanu."

"Fyness, undiuze zoona. Amayi ako amandiona bwanji?"

Fyness anaseka mpaka kugwira mtengo. "Kukuonani? Sakuonani n'komwe! Dzulo anangomva belu la njinga n'kugwetsa lichero la ufa, kuthawira kubafa. Pamene anali wogulitsa usipa."

"Ndiye iwe ukuseka."

"Nanga ndizilira? Mudzazolowera, a Elton. Zidzakhala choncho moyo wonse."

"Moyo wonse?"

"Mpaka imvi mbuu."

Fyness ankanena monyadira, ngati munthu woonetsa mnzake munda umene wabereka. Sankadziwa kuti mawuwo akugwera pabala, pakuti za ku Bangwe Elton anali asanamuuzepo. Ankangoti makolo anamwalira, n'kusintha nkhani.

Kuno mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Elton anaona nyumba yake itaima pabwalo lomwelo, iye akutuluka m'mawa uliwonse, mayi wa pakhomopo akuthawira kuseri, mbale pakhomo mpaka ukalamba. Iye ankamukonda Fyness ndi mtima wake wonse, koma nyumba yotere anali atakhalamo kale, ndipo analumbira kuti sadzalowanso ina. M'thumba la jekete anali ndi kalata yopempha kuti amusamutsire kusukulu ina, yolembedwa kale, yongodikira envelopu. Anatsimikiza kuti mawa apeze moni wa mayi Rozaria, zikakanika kalatayo ipite.

* * *

Lachinayi dzuwa litapendeka, mayi Rozaria ankachokera kumjigo atasenza ndowa, pamodzi ndi a Zelifa, mnansi wawo, mayi amene nkhani ikafika m'khutu mwake m'mawa, masana imakhala itazungulira mudzi kawiri. Pokhota kanjira anangoona Elton wayedzeka njinga pamtengo, wapinda buluku mpaka m'mawondo.

Mayi Rozaria anatula ndowa n'kulowa m'nandolo monga mwa masiku onse. Atacheuka anaona chinthu chimene chibadwire chawo anali asanachimvepo ngakhale m'nthano. Mkamwini ankawatsatira.

"Amayi! Taimani amayi! Ndi moni chabe!"

Mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu, wodandaula msana chaka chonse, anayatsa liwiro la mtondo wadooka. Anadumpha mizere iwiriiwiri, anadutsa m'chinangwa cha a Zelifa, patapata imodzi inatsalira m'njira. Elton, pokhala mwana waulemu, anaima kaye n'kuitola, kenaka n'kupitiriza.

"Amayi, mwataya patapata!"

Atafika pakhomo mayiwo anapeza chitseko chili chokhoma, kiyi atapita naye Fyness kudimba. Anayang'ana uku ndi uku. Pafupi panali khola la mbuzi, lomangidwa m'mwamba, ndipo anakwera makwerero ake ngati mtsikana, n'kudzitsekera.

Elton anafika ali wefuwefu. Anagwada pansi pa kholalo, anakweza patapata ndi manja awiri, n'kupereka moni umene anakhala akuukonza masiku awiri.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

M'kholamo munayankha mbuzi.

Pofika a Zelifa, manja ali kumutu, kumbuyo kwawo kunali azimayi onse a kumjigo.

"Kalanga ine! Taonani malodza!" anakuwa a Zelifa. "Mkamwini kuthamangitsa apongozi ngati nkhuku ya alendo!"

Apo ndi pamene Elton anayang'ana nkhope za anthuwo n'kuzindikira kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaoneka wogoma ndi kulimba mtima kwake. Kumsewu kunamveka njinga yamoto ikuliza hutala katatu, mokhala ngati ikuseka.

* * *

Lachisanu lonse Elton analemba mauthenga asanu ndi awiri. Fyness anayankha umodzi wokha: "Mwandichititsa manyazi mudzi wonse. Amalume akuti mubwere mawa m'mawa."

A Howard anagwirapo ntchito ya umesenjala pa khoti zaka zam'mbuyomo, ndipo chichokereni kumeneko nkhani iliyonse, ngakhale ya nkhuku yolowa m'dimba, ankaiyendetsa ngati mlandu. Anakhala pampando pansi pa mtengo, cholembera chili m'thumba la malaya ngakhale chinatha inki kalekale. Elton anakhala pamphasa. Fyness anakhala chapatali, maso ali otupa. A Zelifa anabwera osaitanidwa, akuti ndi mboni. Mayi Rozaria anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula pang'ono, pakuti ngakhale zinthu zitavuta, mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso.

"Achimwene," anamveka mawu m'nyumbamo, "afunseni aphunzitsi ngati ndinawabera kanthu."

A Howard anatembenukira kwa Elton. "Akuti, kodi anakuberani kanthu?"

"Ayi, amalume."

"Mlongo, akuti ayi."

"Ndamva, sindine gonthi. Afunseni chimene amandithamangitsira mpaka kukandigoneka ndi mbuzi. Mawondo anga onse atupa."

"Akuti mufotokoze, ndipo akuti mawondo atupa. Zimenezo tazilemba."

Elton akanatha kungotchula Goodman n'kupulumuka. Koma anadziwa kuti Goodman anangokoleza moto, nkhuni zinalipo kale. Anayang'ana pansi n'kuyamba kufotokoza zimene anali asanauzepo munthu: za mayi omupeza, za pabalaza, za mbale ya pakhomo la khitchini.

"Tsiku limene ndinakhoza mayeso a sitandade eyiti ndinathamanga kuchokera kusukulu kuti ndikawauze," anatero. "Atandiona anadzuka n'kulowa kuchipinda, kutseka chitseko. Ndinaima pamenepo n'kuuza chitseko kuti ndakhoza. Ndiye nditaona amayi akundithawa, nditaonanso mbale pakhomo paja, ndinati zayambiranso. Sindinafune kuwachititsa manyazi. Ndinangofuna kuti mayi mmodzi pa dziko pano andiyankhe moni."

A Howard, kwa nthawi yoyamba, anaiwala kubwereza. A Zelifa, amene anabwera kudzatola nkhani, anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bwanji simunandiuze, a Elton?" anafunsa Fyness. "Ine ndimaseka ndi chimwemwe, inu mukupsa mtima. Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkaopa. Ndinkati ukadziwa kuti kwathu sankandifuna, nawenso uyamba kufufuza chifukwa chake."

M'nyumba muja munamveka munthu akumina. Kenaka mawu anatuluka pang'onopang'ono.

"Achimwene, auzeni aphunzitsi kuti kalongonda uja ndinataya madzi kasanu. Munthu amene wanyansidwa naye sumutayira madzi kasanu. Auzeni kuti Gudumani ndimadya naye chifukwa kwa ine ndi kamwana, ndinamuona akuyenda wopanda kabudula. Iwowo ndimawathawa chifukwa ndinawayang'ana miyezi isanu ndi itatu n'kuona kuti ameneyu ndiye woyenera kumupatsa mwana wanga. Amayi anga anawathawa malemu bambo a Fyness zaka makumi awiri, koma pa maliro awo ndi amene analira kuposa ine."

"Akuti," anayamba a Howard, n'kulekera pomwepo. "Aa, mwamva nokha."

Elton analira. Sanalire mobisa ngati mwamuna wa jekete, analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Zinamupweteka kuti masiku onsewa ankalemekezedwa iye n'kumamva kunyozedwa, koma pansi pa ululuwo panali chimwemwe chimene anali asanachilawepo, choti pakhomo pano ankafunidwa.

A Howard anadikira kuti atonthole. "Komabe, aphunzitsi, nzeru yothamangitsa munthu wamkulu munaitenga kuti? Kukoleji?"

"Anandilangiza a Goodman."

"Ndinadziwa!" anakuwa mayi Rozaria, kuiwala kudzera kwa achimwene awo. "Ameneyo abwere kuno. Ndili ndi matumba anayi a kuchigayo, adzasenza pamutu, njingayo akukankha!"

Onse anaseka, ndi Fyness yemwe, misozi ili m'masaya. A Howard anagamula kuti mlandu wa khola watha, Elton adzabweretse tambala mmodzi wopepesera mawondo. Elton anapisa m'thumba la jekete, anagwira kalata ija n'kuifinya mpaka inakhala kampira.

* * *

"Tsopano," anatero a Howard akukonza kolala, "tilowe nkhani yeniyeni. Kuonekera munaonekera, apongozi akuthawani, zonse zili m'malo. Ankhoswe anu abwera liti?"



"Ndilibe, amalume."

"Mulibe bwanji? Munthu samera ngati bowa."

"Bambo anamwalira ndili ku sekondale, ndipo analibe abale amene ndinawaonapo. Kwawo kwa mayi anga sindikudziwako. Amene amadziwa ndi amake Gift okha, ndipo papita zaka zisanu ndi zinayi ndisanapondeko ku Bangwe."

A Howard anapukusa mutu, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene wapeza tsamba losowa m'failo.

"Aphunzitsi, ine ndakukondani, makamaka lero. Koma ukwati ndi ankhoswe. Mukadzayambana tidzapita kwa yani? Mukadzadwala tidzauza ndani? Ndiponso ndisakubisireni, a kwa Goodman atumiza mawu kuti Lamlungu la sabata ya mawa akufuna kudzationa. Mnyamatayo ndi wabodza, inde, koma ali ndi amalume atatu, onse amoyo."

"Amalume, ine Goodman sindimufuna!" anatero Fyness.

"Sindinati ukumufuna. Ndati ali ndi amalume."

Pamenepo chitseko chinatseguka chonse. A Zelifa anagwira pakamwa. Mayi Rozaria anatuluka akutsimphina, anadutsa pabwalo anthu onse akuona, n'kudzakhala pamphasa yomwe panali Elton, phewa ndi phewa. Anamugwira dzanja n'kumuyang'ana m'maso.

"Elton. Iwe Elton, tayang'ana kuno. Ukuti ulibe mayi? Kuyambira lero mayi ako ndine. Ku Bangwe kumeneko usapiteko, asakakutsekerenso chitseko. Achimwene, mwana uyu ndi wanga, nkhoswe yake mukhala ndinu." Anatenga nsonga ya chitenje n'kumupukuta kumaso mwamphamvu. "Ndipo leka kulira, taona mamina, mphunzitsi wathunthu."

Elton anatseka maso n'kuwalola amupukute. Zaka makumi awiri anadikira kuti wina amutchule dzina motero, ndipo dzanja la mayiwo linali lofunda, lokhakhala ndi khasu. Akanakonda kuti dzuwa liime pomwepo.

A Howard anatsokomola. Anatulutsa cholembera chija m'thumba, chizindikiro choti zinthu zavuta.

"Mlongo, mawu amenewo mwanena pamaso pa mboni."

"Ndanena, ndipo ndibwereza."

"Chabwino. Ngati uyu ndi mwana wanu, Fyness ndi ndani wake?"

Mayi Rozaria anacheukira kwa Fyness.

"Ine sindingakhale nkhoswe ya kuchimuna ndi ya kuchikazi yomwe," anapitiriza a Howard, "kumadzifunsa ndekha n'kumadziyankha ndekha ngati wamisala. Ndipo chibadwire sindinaonepo munthu akukwatira mlongo wake pamudzi pano. Musankhe chimodzi, mwana kapena mkamwini. Akakhala mwana, khalani naye pamphasapo, muzidya naye mbale imodzi, palibe angakuletseni. Akakhala mkamwini, inu mubwerere m'nyumba, iye apite ku Bangwe akagwade kwa amake Gift, amuuze kwawo kwa mayi ake, atibweretsere nkhoswe Loweruka lisanadutse."

Fyness anayesa kuseka koma zinatuluka ngati kulira. "Ndiye ine ndiziti achimwene?"

Mayi Rozaria anamugwiritsitsa Elton dzanja ngati wina akufuna kuwalanda.

"Ine sindimubweza kwa mayi ameneyo," anatero. "Sindingathe."

Elton anayang'ana dzanja lawo, anayang'ananso Fyness, amene tsopano anali atasiya kuseka n'kumangomuyang'ana ndi mantha. Mtima unamuwawa kuposa tsiku lililonse la ku Bangwe, chifukwa kumeneko analibe choti n'kutaya. Pang'onopang'ono anachotsa zala za mayiwo, chimodzichimodzi, n'kugwada.

"Amayi," anatero, "chonde, ndithaweni."

Mayi Rozaria anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakokera duku kumaso, anadzuka, n'kuthamanga ndi mawondo otupa omwewo mpaka m'nyumba. Chitseko chitatsekeka, onse anawamva akulira.

A Howard anabweza cholembera m'thumba.

"Minibasi ya ku Limbe imanyamuka pa Chiringa m'mamawa, akamwini," anatero motsitsa mawu. "Muli ndi masiku asanu ndi awiri."